Kakapu Kochokera ku India

Lachiwiri pa 15 Julaye 2025, nthawi ili 11:40 m'mawa, foni ya Hector Miti inalira ali pa tebulo lake mu ofesi ya oyeza malo pafupi ndi msewu wa Cairo, kumene anali atajambula mapu a mapuloti kwa zaka 26. Woimbayo anali Lemmy, mwamuna wa mwana wake Abby.

"Ba Dadi, chachitika! Ni mukazi. Makilo atatu na magalamu handiredi. Abby ali bwino, alema chabe."

"Ambuye alemekezeke. Wabadwa nthawi yanji?"

Lemmy anaseka. "Ninaziba kuti muzafunsa. 10:52. Bazatichosa pa Chinayi. Ba Mami mubabwelese pa Chisanu m'mawa na chola chabo. Abby akuti kulibe wina azasambika mwana koyamba, ni ba Mami chabe."

Hector anathokoza, naika foni pansi, nayang'ana mapu amene anali patsogolo pake osawaona. Mwambo wake ngodziwika. Mwana wamkazi akabereka koyamba, mayi ake amapita kukakhala naye mwezi wathunthu, kumuthowa ndi madzi otentha, kumuphikira, ndi kusambitsa khandalo mpaka mchombo utagwa ndi kuuma. Martina, mkazi wa Hector, anali atalongedza chola chake mu Epulo. Chimene Lemmy ndi Abby sankadziwa n'chakuti manja a Martina sankathanso kunyamula kapu ya tiyi osataya, pokhapokha atayamba wamwa burande. Botolo lake linkagona m'galimoto ya Hector, pansi pa tayala losungira, ndipo woyeza ndi kuthira anali Hector yemweyo.

Martina anali wophika pa maukwati ndi pa makhitchini pate, maphwando aja a amayi olangiza mkwatibwi. Ali ndi zaka 48 ankalemera makilo 131, ali ndi shuga, bipi yokwera ndi mawondo okana masitepe. Dokotala anamuuza mosapita m'mbali kuti akapitiriza chonchi adzukulu adzamudziwira pa chithunzi. Mawu amenewo ndi amene anagulitsa puloti yawo ya ku Chongwe. Anapita ku India, ndipo Lolemba pa 14 Malichi 2022 madokotala anadula chifu chake n'kusiya kathumba kofanana ndi dzira la nkhuku, kolumikizidwa molunjika ku matumbo.

Potuluka m'chipatala anawapatsa mulu wa mapepala ndi kakapu ka pulasitiki koonekera mkati, kokhala ndi mizere mpaka pa mamililita 30. Masabata oyamba Martina ankayenera kumwa kakapu kamodzi ka madzi kapena msuzi pa mphindi 15 zilizonse. Ntchito imeneyi Hector anaikonda. Ankadzaza mpaka pa mzere, kukweza kakapuko poyera kuti aone ngati sanapyole, n'kuyang'ana wotchi. Sanaphonyepo.

Opaleshoni inachita zimene analonjeza. Pofika Febuluwale 2023 sikelo inkawerenga makilo 84, shuga inali itatha, mapiritsi a bipi atasiyidwa. Koma masaya anagwa, khungu linatuwa, ndipo atamuyeza anapeza magazi achepa, ali pa 9.1. Mapiritsi owonjezera magazi ankamusanzitsa. Ku tchalitchi chawo cha Reformed ku Chelstone, amayi anzake a chigwirizano anayamba kumupatsa moni wofewa kwambiri, uja wopatsa munthu amene mukumuganizira kuti sakhalitsa.

Anabwera ndi nzeru ndi Imelda, mlongo wake wamkulu wa Hector, wa ku Kabwata. Anamukokera mchimwene wake kuseri kwa nyumba, pafupi ndi thanki ya madzi.

"Hector, mulamu wanga watha. Bantu bakamba, uziba? Bakuti ni matenda aja, nkhani ya India mwaibisilapo chabe."

"Asiyeni alankhule. Pakamwa m'pawo."

"Iwe, nkhani ni magazi. Mugulile vinyo wofiila, kagalasi kamozi akalibe kudya. Ine pamene ninabala Evan ninatuba monga phulusa, ndiye wamene unanibwezela magazi. Uja si moba, ni mankhwala."

Martina anali asanalawepo mowa chibadwire, ngakhale pa ukwati wake. Hector anatulutsa mapepala a ku India, napeza nkhaniyo pa tsamba 11. Mzere woyamba unkati wodwala asamwe mowa kwa miyezi 12. Ndime yapansi pake inkati pambuyo pa opaleshoni yotere mowa umalowa m'magazi mofulumira kwambiri, ndipo odwala ena umawakola, ngakhale amene analibe vutoli kale, makamaka m'chaka chachiwiri. Hector anawerenga zonse ziwiri. Choyamba chinali ndi nambala, ndipo anachilemekeza monga amalemekezera bikoni, chizindikiro cha malire cha pa ngodya ya puloti: uku n'koletsedwa, uku n'kololedwa. Chachiwiri anachiona ngati chonenera zidakwa, osati mayi wa yunifolomu ya chigwirizano. Anadikira kuti pa 14 Malichi padutse. Loweruka pa 18 Malichi 2023 anagula botolo la vinyo wofiira, nathira theka la galasi.

"Chowawa ngati mankhwala a malungo," anatero Martina, atakwinya nkhope.

Patapita mphindi zisanu anaseka, kuseka kwenikweni kumene m'nyumbamo kunali kutasowa kwa miyezi.

"Atate ake Abby, kwafunda mpaka ku zala. Ndakhuta. Mwamva? Ndakhuta."

Kwa chaka chonse mayiyo anali akuphikira anthu mazana chakudya chimene iye ankangolawa masipuni awiri n'kumva kuwawa pachifuwa. Hector anamva mawu akuti "ndakhuta" ndipo anakondwa. Anaimbira Imelda kumuthokoza.

Mu Ogasiti chaka chomwecho, pa ukwati wa Abby, Martina anavina mpaka anthu ankati mayi ndi mwana akuoneka ngati pachibale. Nthawi imeneyo theka lija linali litakhala magalasi awiri. Pa phwando lililonse limene ankaphika pamatsala vinyo m'mabotolo, ndipo palibe amalondola wophika kukhitchini. M'chaka cha 2024 anasamukira ku burande, chifukwa kathumba kongati dzira sikalandira zambiri, ndipo burande amagwira ntchito ali wochepa. Loweruka pa 12 Okutobala 2024, pa khitchini pate ya mwana wa munthu wolemera ku Kabulonga, anamupeza 14:30 atagona pa matumba a mpunga m'chipinda chosungira zakudya, nkhuku makumi anayi zikupserera mu uvuni. Hector anauza Abby ndi wina aliyense kuti shuga inatsika. Oitanitsa ophika anasiya kuimba foni.

Lamulungu pa 18 Meyi 2025, atabwera ku tchalitchi, Hector anafufuza nyumba yonse. Anapeza mabotolo khumi ndi limodzi: mu ndowa ya ufa, m'thanki ya chimbudzi, limodzi litakulungidwa mu bulauzi yoyera ya chigwirizano. Anawakhuthulira onse mu sinki Martina akuona. Lachiwiri pa 20, nthawi ili 08:15, Martina anagwa kukhitchini n'kuyamba kuphupha, atadziluma lilime. Anagonekedwa m'chipatala masiku anayi.

Dokotala Namakau, mayi wachitsikana wolankhula mosathamanga, anajambulira Hector chifu pa pepala.

"Chifu chathunthu chili ndi chitseko, a Miti. Chimasunga mowa n'kumautulutsa pang'onopang'ono. Cha amayiwa chitsekocho anachilambalala. Zimene amwa zimafika m'magazi pa mphindi zisanu kapena khumi, zonse pamodzi. Galasi limodzi kwa iwo silifanana ndi limodzi kwa inu."

"Loyamba ndinathira ndine."

"Ndamva. Koma lero ndikufuna mumve ichi: musadzawadulenso mwadzidzidzi kunyumba. Thupi likazolowera, kuusiya kamodzin'kamodzi kumapha."

Martina anatuluka, nakhala masiku asanu ndi anayi osamwa, kenako anayambiranso. Pa 10 Juni anabwerera kwa dokotala uja, amene anati njira yabwino n'kugonekedwa masabata angapo ku chipatala chija cha pa msewu wa Great East, chimene anthu a mu Lusaka amatchula akafuna kunena munthu kuti wazungulira mutu.

"Mwana wanga abereka mu Julaye," anatero Martina. "Mukufuna asebele anga, mayi ake a Lemmy, amve kuti agogo anzawo ali kwa amisala? Ndikasambitse kaye mwana. Zinazo pambuyo."

Dokotala ananena kuti sakugwirizana nazo, kenako analemba ndondomeko yotsitsa mowawo pang'onopang'ono. Hector atafika kunyumba anatsegula dirowa ya masipuni. Kakapu ka ku India kanali momwemo, kumbuyo. Anayamba ndi tikapu khumi pa tsiku. Pa tsiku limene mdzukulu anabadwa anali atafika pa tisanu. Ngati panali ena obisika kwina, Hector sankadziwa.

Lachinayi pa 17 Julaye Hector sanapite ku ntchito. Cha m'ma 09:45 anapeza Martina pakhonde lakuseri, atakhala pa kampando kafupi, beseni la madzi lili pakati pa miyendo. Anali atamanga pamodzi paketi ya shuga ya makilo awiri ndi ya mchere ya kilo imodzi m'pepala la pulasitiki, n'kuzikulunga m'thaulo.

"Musandiseke. Ndikuyeserera."

Hector analowa m'nyumba, nabwera ndi sopo watsopano, namulowetsa m'thaulomo. "Anachepa ndi magalamu handiredi."

"Inu mudzayeza ndi bokosi langa lomwe," anatero Martina, koma anamwetulira.

Ananyamula mtolowo ku dzanja lamanzere, lamanja likutunga madzi. Zala zinkagwedezeka ngati za munthu wamalungo. Atangounyowetsa, mtolo unatsetsereka n'kugwera m'beseni chamutu, madzi n'kuwaza mpaka pa nsapato za Hector. Onse awiri anauyang'ana uli pansi pa madzi. Palibe anautola msanga.

10 koloko itakwana Hector anapita ku galimoto, nabwera ndi kakapu kodzaza mpaka pa mzere. Martina anamwa kamodzi. Pa 10:08 anatambasula manja, ndipo anali zii ngati a dokotala wa maso. Anavuula mtolo uja, naugoneka pa mkono, naupukuta kumene kukanakhala nkhope, naugudubuza ndi dzanja limodzi monga ankachitira ndi Abby zaka 27 zapitazo, naumangira thewera. Hector anaona kuti lusolo silinapite kulikonse. Pa 10:53 chala chaching'ono chinayambanso kunjenjemera.

"Mphindi 45," anatero Hector.

"Kusambitsa mwana ndi mphindi khumi. Mudzandipatsira pa geti."

"Nanga mawa lake? Mwezi wonse ndidzakhala pa geti?"

"Mudzabwera m'mawa musanapite ku ntchito. Masana ndipirira."

"Amake Abby, mwina timuuze mwanayu. Adziwe, asankhe yekha."

Martina anamasula thaulo, naliyanika pa chingwe, atamupatsa msana.

"Ndinalola kudulidwa chifu kuti ndidzanyamule mwana ameneyu. Galasi loyamba munandipatsa ndinu, ndipo sindinakunenenipo ndi tsiku limodzi. Ntchito yapita, anzanga apita. Ichi chokha musandilande."

Madzulo ake, cha m'ma 16:00, Hector anaimbira Abby, amene anali atangofika kwawo ku Woodlands. Anamufunsa za ulendo, za bala la pobereka, za mkaka. Abby anati, "Ba Dadi, muli chabe bwino? Mumveka monga mufuna kukamba chinachake." Hector anati ankafuna kudziwa nthawi yosambitsira. Anagwirizana 10:45, dzuwa likalowa pa zenera la kuchipinda, chifukwa Julaye wa chaka chimenecho ankazizira kwambiri.

Lachisanu ananyamuka ku Chelstone 09:50. Martina anavala chitenje chatsopano ndi duku lofanana nacho. Chola chinali m'buti, pamwamba pa tayala lija. Njira yonse anaika manja pansi pa ntchafu. Pa 10:31 Hector anaimika galimoto pafupi ndi mpanda, geti asanagogode, nasuntha chola, natulutsa botolo. Pa botolopo anali atalemba mizere ndi cholembera chakuda, mzere umodzi kakapu kamodzi. Anathira. Martina anamwa, natafuna timbewu tonunkhira timene ankaika mu mpunga wa pa maukwati.

"Kenanso kamodzi. Lero lokha."

"Iyayi."

Anatsegula geti ndi Lemmy, ndipo kumbuyo kwake kunali mayi ake, ba Barbara a ku Makeni, mayi wamkulu thupi ndi mawu omwe, amene anali atagona komweko kuti athandize mpaka Martina atafika.

"Asebele, mwabwela! Muli shani? Ala mukalibe kunenepa? Ine nikapita ku India baniuze chabe kwamene munataya makilo yanu, nikaikeko na yanga."

Martina anaseka, nawakumbatira. Manja ake anali atakhazikika kale. Hector anayang'ana wotchi: 10:39.

"Madzi ali okonzeka?" anafunsa.

"Ah, ba Dadi, malaiti yanayenda 05," anatero Lemmy. "Giza ya manzi yazizila, gasi nayo yasila m'mawa muno. Taika pa mbaula, manje manje yazapya."

Makala anali onyowa. Podikira, ba Barbara anati si bwino agogo awiri kukumana pa mwana osayamika Mulungu, ndipo anapemphera mphindi khumi ndi zinayi, kutchula anamwino, madalaivala ndi mvula ya chaka chamawa. Atati ameni, khanda linadzuka ndi njala, Abby n'kukhala nalo kuchipinda akuyamwitsa. Hector anali pabalaza, moyang'anana ndi mkazi wake. Pa 11:20 anaona supuni ikugogoda mbale m'dzanja la Martina. Martina anaika tiyi pansi, nalowetsa manja pansi pa ntchafu. Pamphumi pake panatuluka thukuta, m'nyumba mozizira choncho.

Pa 11:35 Martina anaimirira.

"Atate ake Abby, makiyi. Nsalu zothowera ndazisiya m'galimoto."

"Ndikatenga ndine."

"Awe, ba Miti!" anatero ba Barbara, akuwomba m'manja. "Vintu va muzimai wamene wabala, mwamuna agwile? Atate bake futi? Bapaseni makiyi, imwe nkhalani na mupongozi wanu mukambe va bola."

Lemmy anaseka. Hector anafufuza chifukwa chokanira chimene akanatha kunena pamaso pa anthuwo, ndipo sanachipeze. Anapereka makiyi. Pa zenera ankangoona chitseko cha buti chitakwezedwa, ndi mapazi a mkazi wake pansi pake. Zinatenga mphindi zinayi. Martina anabwera ndi nsalu zija, akutafuna timbewu, nadutsa molunjika kupita kuchipinda osamuyang'ana.

Hector ananena kuti waiwala kutseka mawindo a galimoto. Botolo linali pamalo pake, litatsekedwa bwino. Burande anali atatsika mizere inayi. Kakapu kanali kouma.

Atabwerera anapeza ba Barbara akudutsa ndi ndowa yofuka nthunzi. Chitseko cha kuchipinda chinatsekedwa 11:46. Lemmy anamuthirira tiyi wina nayamba kufotokoza za timu yake. Hector ankamva mawu a Martina kudzera m'khoma, okwera kuposa masiku onse, akuseka. Anawerengera: anamwa cha m'ma 11:38. Mphindi zisanu kapena khumi, zonse pamodzi. Anakumbukira mtolo wa shuga uli chamutu pansi pa madzi.

Bambo salowa m'chipinda cha mwana wake wokwatiwa. Hector anali asanapondeko ngakhale m'kanjira kopita kumeneko. Anaika kapu pansi, nadutsa m'kanjirako, natsegula chitseko osagogoda, naima pakhomo.

Dzuwa linali litachoka pa zenera. Martina anali pa kampando, beseni lili pakati pa miyendo, thaulo pamiyendo, manja atatambasula. Abby anali atawerama movutika chifukwa cha bala, khanda lamaliseche lili m'manja, akulipereka.

"Abby, usawapatse mwana."

"Ba Dadi! Muchita chani kuno?"

"Usawapatse."

Abby anabweza khanda pachifuwa pake, nayang'ana mayi ake. "Ni shuga? Ba Mami, yasika futi?"

"Si shuga," anatero Hector. "Shuga inatha mu 2022. Amayi ako amwa burande mphindi khumi zapitazo, tikapu tinayi. Ku Kabulonga kuja sinali shuga. Mu Meyi muja sanali malungo. Zinayamba pa 18 Malichi 2023, ndipo anawayambitsa ndine."

"Taonani manja anga!" anatero Martina. "Abby, mwana wanga, taona. Akunjenjemera? Asebele, taonani inu."

Sankanjenjemera ngakhale pang'ono. Anatola sopo kuti awaonetse. Sopoyo anapulumuka n'kugwera m'beseni, ndipo pomutsatira thupi lonse linapendekera kutsogolo, dzanja n'kukafika pansi pa beseni, madzi n'kusefukira pa kapeti. Anakhala choncho kanthawi, ataweramira madziwo, duku litatsetserekera pa diso limodzi. Khanda linayamba kulira chifukwa cha kuzizira.

Ba Barbara anakoka kampando kena, nakhala, nayala thaulo louma pamiyendo.

"Leta kuno mwana, Abby, azagwila chifuba. Asebele, niyeseleniko manzi, ine manja yanga yanafa na mapoto."

Martina anawongoka pang'onopang'ono. Anapinda mkono, naviika chigongono m'madzi.

"Atentha pang'ono."

Ba Barbara anathira ozizira, nayesa okha, navomera ndi mutu. Hector anabwerera m'mbuyo, natseka chitseko, naima m'kanjira muja atayang'ana khoma. Lemmy anali kumapeto kwake, kapu ili m'manja, osadziwa ngati abwere kapena abwerere. Mkati munkamveka mawu a Martina, tsopano otsika, olemera lilime.

"Yambani nkhope, osathira sopo. Kuseri kwa makutu. Mchombo usanyowe, asebele."

"Ee, asebele," ankayankha ba Barbara, amene anali atabereka ndi kusambitsa ana asanu.

Zinatenga mphindi khumi ndi imodzi. Woyamba kutuluka anali Abby, akuyenda mogwira khoma. Maso ake anali ofiira koma sankalira.

"Zaka zibili, ba Dadi. Nikaimba foni, 'bali bwino, bagona chabe.' Mailo ninakufunsani."

"Unandifunsa."

"Sembe simunaone botolo, sembe mwabasiya?"

Hector anaganiza kaye, chifukwa sankafuna kumunamizanso. "Ndikanawasiya. Ndinali nditawerengera mphindi 45."

Abby anatseka maso. "Nizapempha ba Mami bake Lemmy bankhale mwezi uno. Ba Mami bayende ku chipatala. Bakapola babwele, mwana sazathaba."

Lemmy ananyamula chola kuchoka pabalaza, kumene chinali chisanatsegulidwe, nakachibwezera m'buti. Martina asanatuluke, ba Barbara anamukhazika pakati pa bedi, kutali ndi m'mphepete, namuika khanda lokulungidwa pamiyendo, dzanja lawo lili pansi pa mutu wa mwanayo nthawi yonse. Martina analifungatira. Kenako analibweza yekha.

M'galimoto Martina anagona mutu utatsamira galasi. Anadutsa Kabulonga, nalowa mu Great East. Magalimoto anali ambiri, ndipo pofika pafupi ndi chipatala chija Martina anali atatsegula maso. Hector anachepetsa liwiro, nayatsa nyali yokhotera.

"Chola chili kale m'galimoto. Dokotala Namakau anati tikhoza kubwera tsiku lililonse. Masabata anayi, mwina asanu ndi limodzi."

"Mchombo udzakhala utagwa kalekale."

"Mwanayo adzakhalapo."

"Osati lero, atate ake Abby. Anthu andiona m'chitenje ichi. Adziwa kumene ndimapita."

"Liti?"

Kumbuyo minibasi inayamba kuliza hutala, kondakitala atatulutsa mutu pa windo. "Ba mudala, mungena olo simungena? Iyi si galaji!" Hector anadikira pang'ono ndithu, dzanja lili pa chiwongolero. Kenako anazimitsa nyali ija, napitirira kulowera ku Chelstone.

Martina anagona masana onse ndi zovala. Hector anaimbira ku chipatala, namuuza dokotala zimene zachitika. Dokotala anati munthu wamkulu sagonekedwa mokakamiza pa vuto lotere, ndipo anabwereza kuti asamudule mwadzidzidzi. Imelda anaimba kufunsa ngati mwana wafanana ndi a kwa Miti, Hector n'kumuyankha kuti n'kovuta kudziwa pa masiku atatu. Pakhonde lakuseri mtolo wa shuga ndi mchere unali pomwe anausiya dzulo lake, madzi atalowa m'pulasitiki, nyerere zitauzinga. Anautaya m'bini.

Pa 16:50 anamva mpopi wa kukhitchini ukutsegulidwa, kenako galasi likugunda sinki. Martina anatulukira pakhomo atavula duku, manja atawapanikiza m'khwapa.

"Nthawi ili bwanji?"

"Kwatsala mphindi khumi."

Anakhala pa sitepe, Hector kumanzere, Martina kumanja. 17 koloko itakwana Hector anatsegula buti, natsitsa chola n'kuchiika pansi, nakweza tayala, natulutsa botolo ndi kakapu. Anathira, nakweza kakapuko poyera kuti aone ngati sanapyole mzere. Anali atapyola pang'ono. Anabwezera madontho angapo m'botolo, napereka.